Tsiku limene ndinachotsa nsato m'laputopu ya apongozi

Mpaka lero ndikafika ku Chilinde kwa apongozi anga aakazi, amayamba abisa laputopu kenako n'kundilonjera.

Laputopuyo anawatumizira mwana wawo wa ku Joni kuti azilembera makalata a gulu la amayi kutchalitchi, poti iwo ndi mlembi. Ine ndinagwirapo ntchito miyezi itatu pashopu ya fotokope ku Kawale, choncho banja lonse limanditenga ngati katswiri wa makompyuta (sindinatsutsepo).

Loweruka lina m'mawa anandiitana. Anati makinawo akuchedwa, chonsecho masana pamafunika ndondomeko ya msonkhano. Nditatsegula ndinaseka. Amene anakonza pulogalamu yoyendetsa kompyutayo anadzazamo kale zida za anthu olemba mapulogalamu. Mayi wolemba ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, azitani nazo? Anthu ophunzira mopitirira amaganiza kuti tonse tikudwala matenda awo.

Chida china chinali ndi dzina lachingerezi la njoka, nsato. Nditawamasulira, apongozi anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Njoka m'makalata a tchalitchi? Ichotseni, bambo."

Kompyuta inandichenjeza kuti zinthu zambirimbiri zichokera limodzi ndi nsatoyo, n'kufunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinavomera osawerenga n'komwe (ndinaona ngati ikundiderera pamaso pa apongozi). Tizithunzi tinayamba kuzimiririka kamodzikamodzi. Nditazimitsa n'kuyatsanso, panangotsala mdima ndi kamzere kophethira pakona. Ndinawauza kuti ikupuma. Tinaidikira kupumako mpaka tiyi anazizira.

Tinakathera kumsika, kwa mayi wina wokonza mafoni, amene ndinkauza anthu kuti amangodziwa kusintha magalasi osweka. Atandifunsa chomwe ndachotsa, ndinayankhira pansipansi. Anaseka mpaka kuitana mnzake wa benchi yoyandikana kuti adzandione. Anati mbali yaikulu ya kompyutayo imayendera nsato yomweyo.

"Ndiye inuyo, achimwene, mukapeza waya wosamudziwa m'minibasi mumangodula?"

Analemba timawu pamdima pomwepo, makalata onse n'kuwakokera mufulashi. Apongozi anachedwa kumsonkhano ndi ola lathunthu, ndipo anafotokozera amayi onse chifukwa chake, osaiwala kutchula kuti ndine mwamuna wa mwana wawo uti.

Ine ndimaumirirabe kuti olakwa ndi opanga aja. Atilongedzera katundu amene sitinapemphe, kenako amumangirira ku chilichonse. Mkazi wanga akuti ndili ndi ufulu wonena zimenezo, bola ndizinenera pakhonde, foni yake nditaisiya patebulo.