Kuyenda Kopanda Kopita

Lolemba

Adokotala andimanga chilamba pamkono, apopa, ayang'ana, apopanso. Kenako afunsa ngati kwathu alipo amene anafa ziwalo. Alipo. Bambo anga ku Ntcheu ali pamkeka, dzanja lamanzere lili lende, pakamwa popotoka. Adokotala akuti magazi anga akuthamangira komweko.

Malamulo awo:
mchere pang'ono
nyama yamafuta ayi
mbale imodzi, osawonjezera
kuyenda ola lathunthu tsiku lililonse ndikaweruka

Ndafunsa, kuyenda kupita kuti? Akuti, "Kulikonse, bambo. Kungoyenda basi." Zosavuta! Miyendo ndili nayo, ndipo boma silinayambe kuikhometsa msonkho.

Mkazi wanga, amake Gelesi, ndawauza. Iwo ndi mwana wa konkuno ku Karonga, ndipo kwawo mwamuna akaonda mlandu ndi wa mkazi. Angoti, "Nanga anthu adzati chiyani?" Mchere athira monga mwa masiku onse.

Lachiwiri

Kuofesi: makalata a bwana mulu, kaboni watha, riboni ya makina yauma, thukuta mpaka pampando. Dzuwa la kuno silidziwa kuti munthu ndi kalaliki wa boma.

Ndaweruka, njinga ndaisiya, ndalowa msewu wakumpoto. Sindinafike patali. Anyamata awiri a chipani, malaya ofiira, pansi pa mtengo wa mango. Khadi la chipani! Ndapereka. Kenako: "Mukuya nkhu, adada?" Ndati sindikupita kulikonse, ndikungoyenda. Ayang'anana. Wamtaliyo akuti msewu uwu umathera kumalire a Tanzania, ndipo munthu wotayipa makalata a boma sangalunjike kumalire popanda chifukwa. Mtima gu gu gu! Adokotala akanapopa pamenepo, chilamba chija chikanaphulika.

Pakamwa pandipulumutsa: ndati ndikukaona apongozi. Andiperekeza mpaka pakhomo kuti atsimikize.

Apongozi akondwa, mkamwini wabwera wapansi osaitanidwa! Mbalagha, nthochi zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, mafuta akuyandama pamwamba. Anyamata aja ali chiimire kumpanda. Ndadya mbale ziwiri kuti aone kuti ndinedi wapabanja pano.

Lachitatu

Ndaphunzira. Masiku ano munthu sayenda, amapita. Woyenda wopanda kopita ndi wamisala, mfiti kapena kazitape, ndipo pa atatuwa wamisala yekha ndiye amagona kunyumba kwake.

Choncho lero kopita ndili nako: kwa mlamu Yotamu, mphunzitsi. Ndamusankha dala. Mwezi uli pakati, mphunzitsi alibe kanthu m'nyumba, andipatsa madzi ndibwerere.

Masamu ndalakwa. Pondiona thukuta lili kamukamu, mkazi wake wathamangira kwa oyandikana nawo kukabwereka mpunga, ndipo nkhuku yokhayo ya pakhomo yafa chifukwa cha ine. Nkhuku yofa kale ndiikane bwanji? Ana awo akundiyang'ana ndikukukuta ntchafu. Manyazi, ndiponso mutu ukugunda kunkhongo kuno.

Lachinayi

Bwana wandiitana. Nkhani ya Lachiwiri inafika kale. Akuti, "Akalaliki, ngati muli ndi maganizo, muzikaganizira m'nyumba mwanu. Musandibweretsere alendo ovala magalasi akuda pano." Wandiwonjezera zotayipa kuti miyendo ikhazikike.

Kunyumba amake Gelesi kulibe. Amayi onse ali kubwalo, akuphunzira magule olandirira akuluakulu a chipani, ndipo wosapita alembedwa dzina. Iwo ndiye akuvina padzuwa masana onse, iwo ndiye akuonda! Ine ndatsala ndi ana.

Nzeru: kuzungulira nyumba. Pabwalo panga, khadi safunsa. Ndazungulira, ndazunguliranso. Mayi wa nyumba yoyandikana watuluka, akufunsa ndataya chiyani. Ndati palibe. Ndazunguliranso. Tsopano akufunsa ngati ndikutsirika nyumba, ndipo ndikutsirikira ndani, popeza oyandikana nane ndi iwo okha.

Ndalowa m'nyumba. Mayi uja watumiza mwana ndi chipanda cha chambiko, mkaka wowawasa uja, akuti ndimwe mtima ukhale pansi. Mwanayo wadikira chipanda chake.

Lachisanu

Maliro ku Mlare, msuweni wa amake Gelesi. Bwana wandimasula monyinyirika. Ndati apa ndiye mwayi: kopita kulipo, nditsika basi patali, kotsalako ndiyenda wapansi.

Ndangoyenda pang'ono, lole ya abale yaima. Mkamwini wa kuboma saponda fumbi! Andikhazika kutsogolo, agogo ena awatsitsira kumbuyo kuti ine ndikwane.

Kumaliro apha ng'ombe. Ine monga mlendo wakummwera andiikira linunda, mafuta okhaokha. Ndanong'oneza Yotamu za adokotala. Yotamu kunong'ona sadziwa. Azakhali a mkazi wanga amva, afunsa mokweza anthu onse ali pomwepo: "Kasi mwana withu wakutondeka kuphika?" Akuti kodi mwana wawo akulephera kuphika, kuti mwamuna azikaphunzira kudya kuchipatala? Amake Gelesi awerama, misozi ili pafupi.

Ndadya. Ndadya lonse, ndapukuta ndi mbale, kuti mkazi wanga adzutse mutu.

Loweruka

Nzeru yomaliza. M'Karonga muno ilipo nyumba imodzi imene singandidyetse mafuta: ya adokotala eni ake. Ndadzera njira yozungulira kuti ola likwane. Khadi andifunsa, kopita andifunsa, ndayankha molimba mtima. Kwa adokotala palibe wotsutsa.

Ndawapeza pakhonde, malaya atavula, mimba kuposa yanga. Tisanathe moni akazi awo afika ndi madzi osamba m'manja. Ndati adokotala, nanga malamulo aja? Akuti, "Aja ndi a kuchipatala. Pano ndinu mlendo, musandichititse manyazi kwa mayiwa."

Nyama ya nkhumba. Mchere awonjezera okha, ndi dzanja lomwe lija lopopera.

Pobwerera m'maso mwachita mdima, ndakhala pansi m'mbali mwa msewu. Wanjinga wina waima, akufunsa ndikupita kuti. Ndati kwa bambo anga. Akuti ndi pafupi? Ndati pafupi ndithu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita panjinga. Lamba ndaboola bowo lina ndi msomali. Kuyenda ndasiya, dziko lapambana.

Ndilembe poyera, popeza wowerenga ndi ine ndekha: ndili ndi mantha. Gelesi wangoyamba sukulu chaka chino, mng'ono wake akuyamwa, ndipo ndikakumbukira bambo anga pamkeka paja ndimaona nkhope yanga.

Masana ndalowa kuchipinda, dzanja lamanzere ndaliika m'thumba, ndikuphunzira kumanga mabatani a malaya ndi lamanja lokha. Awa ndiwo masewera okhawo osafuna khadi kapena kopita. Batani lapakhosi likukana.

Gelesi wasuzumira pachitseko, waseka, wathamangira kukhitchini: "Amama, bwerani muone, adada akusewera za agogo!"

Amake Gelesi abwera, chipande m'manja. Aima pakhomo. Sanaseke. Andimangira batani lija, abwerera kukhitchini.

Ndiwo zamadzulo zabwera zopanda mchere ndi pang'ono pomwe. Zoipa zedi! Tikudya tonse, ine m'maso mukuyabwa, ndikuti mwina, mwinatu.

Kunja: "Odi!"

Apongozi. Mkoko wa nthochi paphewa, mwendo wa ng'ombe m'manja. Akuti abwera kudzabweza ulendo wanga wa Lachiwiri, ndipo sachoka asanandione ndikudya.