Chamba cha a Zuze ndi Chitengwa Changa

Lolemba

A Zuze anyamuka m'mawa uno pa bwato, ulendo wa kumaliro ku Bangula. A Zuze ndi malume ake a mkazi wanga Esinati, eni mbumba pano. Chino n'chaka chachitatu ndili pa chikamwini m'mudzi mwawo, ndipo mawu oti nditenge mkazi wanga ndipite naye kwathu ku Ngabu ali m'kamwa mwa iwo okha.

Asanakwere bwato andiitana. Andisiyira mitolo khumi ndi iwiri ya chamba chawo, chodula dzulo kudimba, chachiwisi, chomata m'manja. Akuti: "Akamwini, mundiumitsire ichi. Ndikabwera Lamulungu tidzakhale pansi, tikambe za chitengwa chanu chija."

Chitengwa! Achitchula okha, ndi pakamwa pawo! Amayi anga ku Ngabu anamweta kale udzu wa nyumba yathu. Ndinawalonjeza kuti mvula ya chaka chino indipeza kwathu.

Ine chamba sindisuta. Ku mishoni anatiletsa, ndipo fungo lake limandizunguza mutu. Koma kuumitsa n'kuumitsa basi. Ndinayanikapo thonje kwa mzungu, ndipo m'mudzi muno wodziwa kugwira pensulo ndine ndekha. Dongosolo nali:

kuyala pamphasa, pakati pa bwalo;
kutembenuza katatu patsiku;
kulowetsa dzuwa likapendeka;
Loweruka kumanga bwinobwino;
Lamulungu kuvala malaya.

Esinati wabwera ndi uthenga wa mayi ake: "Amayi akuti chimenecho sichifuna dzuwa, chimafuna mthunzi ndi kamphepo." Apongozi anga ndi ine sitiyankhulana, sitiyang'anana. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu onse amadzera mwa Esinati.

Ndamuuza akathokoze kwambiri. Ndayala padzuwa.

Lachiwiri

Kwacha bwino, kumwamba kuli mbee. Ndayala mitolo yonse khumi ndi iwiri, ndapita kukasamba kumtsinje.

Pobwerera, apongozi akhala pansi pa mtengo wa bwemba, miyendo tambasu, akusenda nandolo. Mphasa yanga ili pafupi ndi zala za kumapazi kwawo.

Bwalo lonseli, mithunzi yonseyi, asankha pomwepo.

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe. Nthawi yotembenuza yoyamba yadutsa. Yachiwiri yadutsa. Nandoloyo ndi lichero limodzi lokha, koma akusenda ngati akuwerenga mbewu imodziimodzi.

Nkhuku zafika. Thadzi lofiira ndi anapiye ake, kenako tambala. Zikupalasa chamba cha eni mbumba ine ndikuona. Kukuwa sindingathe, apongozi angamve mawu anga ali okweza. Kuponya mwala sindingathe, mwalawo ungalowere kumene kuli apongozi, ndipo mlandu wake sungathe chaka chino. Ndangotsokomola. Tambala wandiyang'ana, wapitiriza.

Esinati ali kumunda wa mapira. Ndamutsatira kuti adzaingitse nkhuku. Kumunda n'kutali.

Tabwerera dzuwa litapendeka. Apongozi kulibe. Nkhuku kulibe. Mitolo isanu ndi inayi.

Ndawerenga kawiri. Isanu ndi inayi! Nkhuku imanyamula mtolo? Esinati akuti mwina ndi akabawi. Kabawi wosuta sindinamuonepo, koma ndalemba: akabawi.

Masamba apamwamba apsa, akufufuzika ngati fodya wakale. Am'kati akadali aawisi. Si kanthu, thonje nalonso limayamba choncho.

Lachitatu

Lero ndachenjera. Ndasamutsira mphasa kuseri kwa nyumba yathu, kumene kulibe mthunzi ngakhale wa udzu umodzi. Ndapita kukadula mlaza womangira mitolo.

Pobwerera, apongozi ali kuseri kwa nyumba yathu. Akupeta mchewere. Esinati akuti mphepo yopetera lero ikuwomba bwino kumeneko.

Ndakhala pachulu, patali, ndikuluka mlaza wosafunika kuluka. Sitima yalira kumtsinje, ikukwera ndi katundu. Ndaiyang'ana mpaka utsi wake watha. Ndaganiza za amayi. Msana wawo suli bwino, ndipo munda wamakande uja sungalimidwe ndi munthu mmodzi. Mtima wandiwawa pang'ono.

Kenako chiperoni. Mitambo yatsika kuchokera kumapiri, kamphepo kozizira, kamvula kowaza. Apongozi anyamula lichero lawo, akhala pakhonde lathu kudikira kuti mvula ikate. Pakhonde lathu, moyang'ana mphasa!

Njira zofikira pamphasa:
kudutsa pamaso pa apongozi, ayi;
kuzungulira kukhola la mbuzi, akundionabe;
kukwawa m'udzu ngati ng'azi, ndayesa, muli chitedze.

Ndaima pansi pa bwemba, ndikunyowa, ndikudzikanda, chamba chikunyowa nane. Apongozi afunda nsalu kumutu, atembenukira kukhoma, kundipatsa ulemu wanga wonse. Ulemu wa mayi ameneyu ndi wosasimbika.

Yakata madzulo. Mitolo isanu ndi iwiri, yonse ili yonyowa. Iwiri ina yapita kuti? Akabawi sauluka pamvula. Esinati akuti mwina inauluka ndi mphepo mvula isanayambe. Ndalemba: mphepo.

Lachinayi

Dzuwa kulibe. Dongosolo latsopano: moto.

Nsomba timaumitsa ndi utsi, chimanga cha mbewu ndi utsi. Ndamangirira mitolo yonse kudenga la nyumba, pamwamba pa mafuwa. Muno apongozi sangalowe. Muno nkhuku ndingazikalipire ndi mawu anga onse. Ndasonkha moto wa nkhuni zaziwisi, ndatseka chitseko.

Esinati akuti: "Amayi akufunsa ngati nyumba ikupsa." Ndamuuza akanene kuti ayi, zikomo.

Masana luzi laduka. Mtolo umodzi wagwera pamoto. Ndathamanga kuti ndiwuwombole, koma wayaka kale. Utsi tolo nyumba yonse, Esinati ali momwemo akuwotcha mbatata.

Zimene zachitika pambuyo pake, monga ndikukumbukira:
ndatsegula chitseko, koma mochedwa;
Esinati waseka chifukwa cha mphuno yanga;
ine ndaseka chifukwa iye waseka;
tadya mbatata zonse, za lero ndi za mawa;
ndamulongosolera ulendo wa ana a Israeli m'chipululu, wati ndi nkhani yoseketsa koposa zonse;
ndayimba nyimbo ya ku mishoni, mawu ake ndaiwala pakati.

Apongozi atumiza mbale ya nandolo osafunsa kanthu. Tadyanso.

Yatsala isanu ndi umodzi. Mtima uli phee. Sindikudziwa chifukwa chake anthu amadandaula m'dziko muno.

Lachisanu

Ndikudziwa tsopano chifukwa chake. Mutu ukulemera ngati mtondo.

Ndatsitsa mitolo. Kunja yada bii ndi mwaye, m'kati yachita chuku choyera. Ikununkha ngati nsalu yoiwalika m'madzi.

Dzuwa latulukako pang'ono. Ndaponya mitolo padenga la khola, pamwamba, pomwe nkhuku sizifika ndipo apongozi sangapeze chifukwa chokhalira. Ndakhala pansi pomwepo kulondera. Lero sindichoka, ngakhale kutabwera njovu.

Njovu sinabwere. Abwera ndi apongozi, ndi mtsuko pamutu, njira yawo ya kumtsinje lero yadzera kukhola. Ndalumpha, ndalowa m'munda wa thonje. Aima pamenepo kukonza nkhata. Aikonza, aikonzanso. Nkhata imeneyo ikanakhala nyumba bwenzi itafoleredwa.

Ndili m'thonje muja, tonde wa a Zuze wakwera pamtondo wogubuduka, kuchoka apo padenga. Tonde wonunkha uja, wandevu ngati mwini wake.

Wadya inayi.

Tsopano waima pafupi ndi mlambe, akuuyang'ana. Kuyambira masana sanasunthe. Mbuzi zazikazi zikumudutsa pamphuno, iye alibe nazo ntchito. Nkhope yake ndikuidziwa, ndinali nayo dzulo.

Yatsala iwiri. Esinati akusinja mapira akung'ung'udza kanyimbo. Ndamufunsa ngati sakuda nkhawa. Akuti: "Nkhawa mukudera inu, yakwana tonse."

Loweruka

Tsiku lomanga bwinobwino, malinga ndi dongosolo la Lolemba.

Ndamasula mtolo woyamba, wasanduka fumbi m'manja. Wachiwiri wamatana, uli ndi ubweya. Zonse pamodzi zakwana m'chikho chomwera madzi, ndipo chikhocho sichinadzaze.

Zoti ndikanene kwa a Zuze:
kunali chiperoni, zoona;
kunali akabawi, sakhulupirira;
tonde ndi wanu yemwe, zoona koma zamwano;
apongozi ankakhala paliponse pamene ndayala, zoona zenizeni, koma mkamwini amene anganene zimenezi sanabadwe.

Ndaganiza zopita kudimba kukaona ngati chatsalako. Kwatsala ziputu.

Madzulo mphepo yachokera kunyumba ya apongozi. Yabwera ndi kafungo kena, kabwino, kouma, konga udzu wongomweta. Ndanunkhiza kawiri. M'nyumba imeneyo sindinapondemo chikwatirire, ndipo sindidzapondamo. Mwina ndi mphuno yanga, sinachire kuyambira Lachinayi.

Tonde wayamba kudya udzu. Wachira msanga kuposa ine.

Malaya ndachapa. Munthu akamakakanidwa azikhala waukhondo.

Lamulungu

A Zuze afika dzuwa lili pamutu. Asamba, adya, akhala pansi pa bwemba ndi kaliwo wawo. Andiitana. Ndakhala pansi chapatali, chikho changa ndabisa kumbuyo.

Ndisanatsegule pakamwa, Esinati watulukira ndi lichero. Wagwada. M'licheromo mitolo isanu, yobiriwira bwino, youma, yokulungidwa m'masamba a nthochi. Akuti: "Malume, nachi chamba chimene akuumitsirani akamwini anu. China chinadyedwa ndi tonde."

Isanu. Itatu ya akabawi, iwiri ya mphepo. Yakhala masiku onsewa kudenga la apongozi, mumthunzi, pa kamphepo.

A Zuze atsina pang'ono, anunkhiza, ayika m'kaliwo. Akoka. Atseka maso nthawi yaitali. Akuti: "Pyadidi, chabwino zedi! Takhuta, zikomo, akamwini. Chibadwire sindinasute chotere. Za tondeyo zisiyeni, mbuzi ndi mbuzi."

Ndayamba kale kuona njira ya ku Ngabu.

Akokanso. Akuti: "Tsono munthu wa manja otere ndimupereke ku Ngabu? Nkhabe, ayi. Chaka chamawa ndidzala dimba lonse. Mukhale kaye, za chitengwa tidzaona tikakolola."

Ndayang'ana chikho changa. Ndikachionetsa, ndine mkamwini wowononga, chitengwa palibe. Ndikachibisa, ndine mkamwini waluso, chitengwa palibe. Ndawomba m'manja, ndathokoza.

Kuseri kwa nkhokwe, pamalo anga obisalira aja, wina watsokomola. Sindinacheuke. Apongozi mwana wawo wamkazi ndi mmodzi yekha, safuna achoke; ndimayenera kudziwa kuyambira tsiku la nandolo.

Fumbi lija ndathira kudzala. Malaya ndavula, ndapinda. Mawa ndipeze wopita ku Ngabu, akauze amayi kuti udzu uja afolerere nkhokwe yawo usanawole. Mawu amenewa ndi amene akundivuta kulemba.

Esinati wabwera ndi uthenga, maso ali pansi, milomo ikunjenjemera ndi kuseka: "Amayi akuti mwagwira ntchito. Akuti chaka chamawa mudzayalenso padzuwa."

Ndamuuza akathokoze kwambiri.