Mlandu Wanga Woseka Pabenchi ya Chipatala

Kwa Bwana Wapampando wa Komiti Yomva Madandaulo a Odwala,

Ndagwada, bwana. Ndine woluka tsitsi uja ndinabwera kumsonkhano wanu ndi mwana kumbuyo, amene munamupempha kuti asatsamire kwambiri mpando chifukwa unali watsopano. Ndikulemba poyera chifukwa mng'ono wanga ali ndi pakati, masiku ake ayandikira, ndipo adzachirira kuchipatala chanu chomwecho. Vuto ndi lakuti iyenso ndi phwete ngati ine pa nkhani yoseka, mwinanso kundiposa. Ndili ndi mantha, ngakhale nkhope yangayi sidziwa kuonetsa mantha.

Ndikukumbutseni nkhani yanga, poti inu mumamva zambiri. Mimba yanga itakwana masiku, nsupa inasweka m'mawa ndili kusaluni, mutu wa kasitomala ndili nawo pakati. Ululu kunalibe. Amayi anandiperekeza kuchipatala, ndipo anamwino atandisuzumira ali pakhomo anati, "Mayi, munthu woti matenda ayamba saoneka choncho. Khalani pabenchipo, tiyambe aja akubuulawo." Ndinakhala. Dzuwa litapendeka anandiuza kuti ndizipita kunyumba, ndidzabwere zikadzavuta. Zinavutadi, sizinachedwe. Thupi linatentha ngati simbi, madzi anayamba kununkha, mtima wa mwana ukuthamanga. Adokotala amene anandichita opareshoni anandiuza kuti tizilombo tinalowa m'thumba limene mwana amakhalamo, chifukwa nsupa inakhalitsa chiswekere popanda mankhwala. Mwanayo ali moyo, wayamba kukwawa, ndipo akamayamwa amaluma.

Tsono ndabwera ndi mayamiko.

Choyamba, mundithokozere loya wanu uja. Anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kulongosola kuti chipatala sichinalakwe chifukwa wodandaula anaonedwa akuseka pabenchi, komanso akuluka mnzake tsitsi. Sindikana, bwana, ndinalukadi. Pambali panga panali mtsikana wa mimba yoyamba, akunjenjemera, tsitsi lili nyankhalala. Manja anga akaona tsitsi lotere sapempha chilolezo. Ndinamuluka mizere, ndikumuuza nkhani za makasitomala anga, mpaka benchi yonse inafa nacho chiseko. Loyayo anati, "Munthu amene ali pangozi saluka tsitsi." Ine sukulu sindinapite nayo patali, zimenezi sindinkazidziwa. Ndamukhululukiranso ponena kuti ndinaluka meshi pamene inali mizere, poti munthu wadazi ngati iye zimenezi angazidziwire kuti?

Chachiwiri, ndikuyamikeni posamala katundu wa chipatala. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ndinakaona ndi maso angawa, kali m'thumba la anamwino pamodzi ndi zolembera, kakupuma. M'khwapa mwanga sikanafikemo. Kwinaku amakagwiritsa ntchito mpaka kutha, koma inu mwatulukira njira yosawononga zinthu: kuyeza wodwala ndi khutu. Wokuwa kwambiri ndiye wodwala kwambiri. Anamwinowo sindiwada ayi. Anali okha, benchi yodzaza mpaka ena kukhala pansi, ndipo njira yosankhira odwalayi anaipeza ilipo kale. Ulemu wonse ubwere kwa inu akuluakulu.

Chachitatu ndiye chandikhudza mtima, chifukwa mwagwirizanitsa banja lathu. Amuna anga, amene akhala akudandaula kuti ndimaseka pamene iwo akukamba zanzeru, tsopano akuyenda chifuwa patsogolo. Akuti ngakhale maloya avomereza. Amayi nawo atsegula sukulu ya kubuula pabalaza pathu, wophunzira ndi mmodzi, mng'ono wanga uja. Amamukhazika pampando n'kumuuza kuti, "Iwe, usamati mayo ngati waponda kamunga. Tulutsa mawu kuchokera m'mimba, ugwire chiuno, maso utembenuze!" Iye amayesetsa. Amagwira chiuno, amatsegula pakamwa, kenaka maso ake akakumana ndi anga, basi zonse zatayika, aliyense kugubuduka. Tsiku lina amayi anapereka chitsanzo okha, ndipo anachita bwino moti aneba anathamangira kwathu, wina atanyamula kale mipando ya pamaliro. Mlamu wanga wayesa kumuopseza, wayesa kumunyengerera, koma mwanayu mayeso akulepherabe.

Pali kanthu kamodzi kamene mboni zanu sizinaone, ndipo sindikuziimba mlandu chifukwa sindinaziitane. Ndinalira, bwana. Ndinalira ku nazale, nditagwira bala la opareshoni, ndikuyang'ana mwana wanga ali ndi machubu m'mphuno ndi dilipi pakadzanja kochepa ngati chala changa chachikulu. Sindinkadziwa ngati ndidzatuluke naye pageti. Ndinalira mopanda phokoso, ndiye mwina mwa kayezedwe kanu sikuwerengedwa.

Za chipukuta misozi akambirana nanu loya wanga mukadzapeza tsiku. Ndamva mwalisunthanso, ndipo sindikukufulumizitsani, munthu wamkulu sathamangitsidwa. Koma mimba ya mng'ono wanga siidziwa zosuntha masiku.

Choncho ndikupempha modzichepetsa. Lembani pakhoma lija la pamwamba pa benchi kuti mayi aliyense amene nsupa yasweka ayezedwe thupi ndi kuonedwa msanga, kaya akuseka, kaya akuimba, kaya akudya nthochi. Utoto amuna anga ali nawo wotsala, burashi tibwereka. Ngati kulemba zimenezi kungaoneke ngati mwavomera kulakwa, ndiye tilembereni chabe mlingo wa kubuula umene mumalandira, kuti amayi adziwe pofikitsa maphunziro.

Zonsezi zikakanika, ndatsala ndi pempho limodzi laling'ono. Tsiku limene nsupa yake idzasweke ndidzakutumizirani uthenga, mudzabwere mudzakhale naye pabenchipo, phewa ndi phewa, mudzamufotokozere mmene komiti yanu imagwirira ntchito. M'banja mwathu tonse talephera, bwana. Munthu amene ndikumudziwa kuti angathe kumuthetsa kuseka mwana ameneyu ndinu nokha.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Woluka tsitsi wa pabenchi