Madigadi a Njinga Yanga

Nkhani iyi ndakhala ndikuifotokoza mokhotetsa kwa zaka zambiri, ndipo mlongo wanga Esinati sananditsutsepo pagulu. Lero ndiiwongole ndekha, chifukwa ulendo umenewo ndinanyamuka ndili mpulumutsi, koma ndinakafika ndili katundu.

Unali mwezi wa Disembala, mbendera zitangosintha kumene kuno kwathu ndi ku Zambia komwe. Esinati anakwatiwa ndi a Sakala, msilikali woteteza nyama kuchigwa cha Luangwa, chakufupi ndi mtsinje wa Lupande. Amayi sankagona nazo tulo. Munthu akangotchula njovu, iwo chakudya sichinkalowanso. Sukulu itatsekera (ndinali mphunzitsi ku Mchinji) anandiitana.

"Upite ukanditengere mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Alamu akowo ukawauze kuti ngati akumufuna, adzamange kuno kwa anthu."

Ndinavomera ndi mtima wonse, poti nanenso ukwatiwo sindinkaukonda. Komanso Zambia ndinkaidziwa. Ndinagwirako ukalaliki zaka zitatu ku Fort Jameson nthawi ya Chitaganya, ndipo kuchigwako ndinatsikirako kawiri. (Maulendo onse awiriwo anali a m'chilimwe, koma zimenezo sindinaziganizire.) Ndinatsogoza kalata, kenako ndinanyamuka ndi njinga yanga yatsopano, yakuda, ya belu, madigadi ake onyezimira moti ndinkatha kupesera tsitsi. Lole inatitsitsa pa Jumbe, ine ndi njingayo.

Amene anadzandichingamira anali Esinati yemweyo, mwana ali kumbuyo, chifukwa a Sakala anali kuthengo kuntchito. Anabwera pa njinga ya amuna ake, yopanda belu, yopanda madigadi, matayala ali pamtunda. Ndinaiyang'ana ndipo mumtima ndinati amayi ananena zoona, mwanayu akuvutika.

Anagwada, tinapatsana moni, anafunsa za kumudzi. Atatero anamasula mfundo pansonga ya chitenje n'kutulutsa sipanala.

"Achimwene, tichotse madigadi manje manje. Mvula inagwa dzulo."

"Ndiye chifukwa chake azungu anaikapo madigadi, Esinati. Amateteza matope."

"Matope a kuno ni ena, achimwene."

"Ine dziko lino ndinalidziwa iwe usanadziwe n'komwe kumene kuli."

Anabwezera sipanala ija pamfundo n'kunena kuti tikafulumira tikafika cha m'ma fotini awazi. (Ngakhale nthawi anali atayamba kuitchula mwa chikumeneko, ndipo ndinaziika nazonso pamndandanda wa zokawauza amayi.)

Poyamba zinayenda bwino. Ndinali patsogolo, ndikuimbira belu ngakhale nkhanga. Koma titasiya msewu n'kulowa kanjira ka m'mitengo ya tsanya, dothi linasintha, linakhala lakuda bii, makande enieni. Njinga inayamba kulemera. Ndinaganiza kuti ndi chitunda, koma malo anali a see. Ndinaimirira pamapedulo, thukuta lili kamukamu, mpaka njingayo inangoima nji, ine n'kutsetserekera kumbali pang'onopang'ono ngati thumba la chimanga.

Matope anali atadzaza pakati pa tayala ndi madigadi, ataumbana gwa. Ndinathyola kamtengo n'kutokosa. Ndinapalasa mapazi khumi, inaimanso. Ndinatokosanso. Esinati anandidutsa bwinobwino, matayala ake akutaya zibuma uku ndi uku, n'kukaima pamthunzi kundidikira.

"Sipanala ilipo, achimwene."

"Palibe vuto, ndikungoiphunzira njirayi."

Kukankha kunakanika, poti matayala sankazungulira. Ndiye ndinaisenza paphewa. Mphunzitsi wathunthu, tayi ili m'khosi, njinga itandikwera! Nsapato nazo zinayamba kutolera dothi mpaka ndinatalika. Kenako yakumanzere inatsalira m'matope, ndipo sindinathe kuwerama kuti ndiifufuze. Ndinapitirira ndi sokosi.

Ndipamene Esinati anatsika panjinga n'kukweza dzanja. Anandilozera ndowe zikuluzikulu panjira, zikutuluka nthunzi. Patsogolo pathu nthambi inathyoka, ndipo chimene ndinkayesa chulu chinagwedeza khutu. Zinali njovu zinayi ndi kamwana, zitaima panjira yathu yeniyeniyo.

Koma taonani zimene anachita mwana amene ndinabwera kudzamupulumutsa. Anatulutsa kathumba kakang'ono ka phulusa, anakagwedeza, n'kuyang'ana kumene phulusalo linkauluka. Linkapita chakunjovu komweko, kusonyeza kuti mphepo inkapereka fungo lathu. Mwana wake atayamba kuliralira, anamusunthira kutsogolo n'kumupatsa bere, maso osachoka panjovu.

"Ikani njinga pansi," ananong'ona. "Tizungulira uku. Musathamange."

"Njinga yatsopano, Esinati..."

"Achimwene, amayi ali ni mwana mwamuna mmodzi chabe."

Ndinaigoneka muudzu. Belu ndinaligwira ndi dzanja kuti lisalire, ndipo ndikukhulupirira kuti ndicho chanzeru chokha chimene ndinachita tsiku limenelo. Tinazungulira patali, iye patsogolo akukankha njinga yake, akuima, kugwedeza kathumba, kusintha njira, ine ndikuponda mmene waponda. Mwana yemwe uja, amene kwathu ankathawa ngakhale nalimata! Ndinachita mantha, koma ndinanyadanso kwambiri.

Titabwerera m'kanjira, phazi lopanda nsapato lija linali litadzaza minga. Esinati analiyang'ana n'kumenya kaliyala.

"Kwerani."

Ndinakwera. Mwana anali atabwerera kumbuyo kwa amake, choncho ulendo wonse tinayang'anizana maso ndi maso, ndipo nkhope yake inkaoneka kuti ikufunsa ngati amalume ake ndi amenewa. Matope onse a tayala lakumbuyo ankathera pamsana panga, mzere umodzi kuchokera m'chiuno mpaka m'nkhongo. Madigadi a njinga ya a Sakala ndinali ine.

Titafika pakampu ya oteteza nyama, azimayi anathamanga kudzatilandira. Mmodzi anafunsa mwachifundo, "Mwaswera bwanji? Odwalawa mwawatola kuti?"

"Ni achimwene anga, aphunzitsi a ku Malawi," anayankha Esinati. "Alema chabe, achoka kutali." Za madigadi sanatchule, ngakhale kwa amuna ake.

M'mawa mwake a Sakala, amene anali atabwerako kuthengo, analawirira. Dzuwa lisanakwere anatulukira akupalasa njinga yanga, nsapato ija ili pahandulo, madigadi atawamangirira bwinobwino pakaliyala ndi luzi. Anawapukuta n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Alamu, musunge. Kumtunda kwanu amagwira ntchito."

Sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa minga.

Masana, Esinati akundizula minga ndi singano, anafunsa, "Kalata inati muli ni uthenga wa amayi. Anakutumani chiyani?"

Ndinayang'ana phazi langa lili m'manja mwake.

"Angoti moni."

Anamwetulira, poti amayi amawadziwa.

Nditafika kumudzi ndekhandekha, amayi anasuzumira kumbuyo kwanga kufuna mwana wawo. Atamusowa anakhala pansi.

"Tandiuza zoona. Mwana wanga akuvutika, eti?"

"Anavutika tsiku limodzi, amayi. Tsiku limene anandinyamula."

Madigadi aja ndinawabwezera nditangofika ku Fort Jameson, poti munthu sungalowe kwanu pa njinga yamaliseche. Chaka chotsatira ndinapitanso kuchigwa, mvula ili mkati, madigadi ali pomwepo. Esinati anandipeza pa Jumbe, ndipo ulendo uno sanafunse. Anangoyamba kumasula, ine nditamugwirira mwana.