Tsiku Limene Njovu Zinaphikira Apongozi Anga Tiyi

Malaya anga oyera aja ndinawakwirira kuseri kwa nyumba, ndipo sindiwalira ngakhale pang'ono. Koma ndiyambire poyambira.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi, ndinachokera ku Chipata kudzagwira ntchito kuno kufupi ndi Chifunda. Mkazi wanga, amake Tisa, ankaphikira gasi amene tinkakadzazitsa ku boma. Ndiye kunabuka nkhondo kutali uko, kumayiko amene ine ndimangowaloza pamapu. Posakhalitsa mafuta anakwera, magalimoto otsikira kuchigwa kuno anachepa, gasi n'kusowa. Makala nawonso oyang'anira nyama salola kuwotcha chisawawa. Tangoganizani, anthu akuwomberana kutsidya kwa nyanja, wolephera kumwa tiyi n'kukhala ine.

Zinandiwawa zedi. Ndinayamba kulalikira paliponse, m'kalasi, kutchalitchi, mpaka pachigayo, kuti dziko lodalira moto wa eni ake ndi kapolo, tiziphikira zimene tili nazo. Mawuwa anakafika ku Lundazi kwa apongozi anga, a Nyirenda, amene anakalamba akuyendetsa mathanki a mafuta kuchokera kudoko. Mkulu ameneyu, chikwatirireni mwana wake, ankandiona ngati munthu wa choko ndi pakamwa basi. Anatuma uthenga woti mafuta amabwera ndi msewu, sabwera ndi mlomo, ndipo pakutha mwezi afika kudzamwa tiyi wa moto wangawo.

Apa panalibenso kubwerera m'mbuyo. Ndinapeza migolo iwiri, paipi ndi kabuku kofotokoza mmene ndowe zikawola zimatulutsira gasi. Kabukuko kankanena za ndowe za ng'ombe, ndipo pomwepo zinaonekera kuti ndine mlendo kuno. Ndinazungulira mudzi wonse kufunsa khola, anthu akungoyang'anana. Kuno ng'ombe n'zosowa chifukwa cha kashembe, ntchentche zopha ziweto. A Goma, mmodzi wa oyang'anira nyama aja, ataseka mpaka kugwira nthiti anati, "Aticha, ng'ombe zathu kuno ndi njovu."

Iwo ankanena zocheza, ine ndinazitenga. M'mawa uliwonse ndinkawatsata ndi wilibala kuminda kumene njovu zadya chimanga cha anthu, n'kumatola zimene zasiya (mphunzitsi wathunthu, wa satifiketi yake). Azimayi a pachitsime ankabisa kukamwa ndi chitenje ndikamadutsa. Amake Tisa anapempha kuti tisungeko mbaula mwina zingavute, koma ine mwamatama ndinakaibwereketsa kwa aneba. Sabata yachitatu kamoto kanayaka pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo ndinkayenda ngati nduna.

Tsiku linafika. Ndinavala malaya oyera, apongozi anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ine ndinagwada chapatali n'kuwalonjera monga mwa mwambo. Amake Tisa anatsegula kampopi ka gasi, n'kukhwatcha machesi. Zii. Anakhwatchanso, zii. Mgolo uko unali utafufuma, ukung'ung'udza ngati mimba ya munthu wodya nyemba zosapsa. Njovu sitafuna bwino ngati ng'ombe, ndiye timaudzu tonse tinakatseka paipi. Kabuku kaja kanachenjeza zoti ndizisefa, koma tsamba limenelo ndinalidumpha poganiza kuti n'la anthu osadziwa sayansi.

Ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo motsitsa mawu, koma mofuna kuti ndimve, "Manje tiyi uja nayenso akuchokera kudoko?"

Mtima unandipsa. Ndinapita pamgolo, kuzula paipi, kusuzumira pabowo (musadzayese, abale anga), n'kutokosa ndi waya. Phwaaa! Za milungu inayi zonse zinatuluka nthawi imodzi, kuyambira kumutu mpaka munsapato. Nkhuku zinathawa. Kunena zoona ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma manja okha sanandichititse manyazi, anabwezera paipi pamalo pake ndisanapukute n'komwe m'maso.

Kenaka ndinamva amake Tisa kukhitchini, "Atate ake Tisa, wayaka!"

Unayakadi, moto wobiriwira bwino, wopanda utsi. Tiyi anawira, mpunga wathu wa ku Chama unapsa, fungo lake likulimbana ndi langa. Ine ndinangoima chapatali ndikudontha, ndipo kwa nthawi yoyamba mwambo wotalikirana ndi apongozi unakomera aliyense. Mkuluyo anasunthira mpando kumene kumachokera mphepo, namwa makapu awiri. Atatha anadzuka, kampango kali pamphuno, anazungulira migolo ija kawiri, n'kudzaima pafupi nane kuposa mmene anaimirapo chikwatirireni mwana wake.

"Ine ndakalamba ndikunyamula moto wa eni ake," anatero. "Uwu ndi wanu, akamwini. Kasambeni tidzacheze."

Ndinasamba katatu, ndipo misozi inatuluka, osati chifukwa cha sopo ayi. Sindinanyadirepo chinthu ngati tsiku limenelo.

Vuto linabwera anthu atakolola. Njovu zitaona kuti m'minda mulibe chakudya zinawoloka Luangwa kupita kupaki, kumene ine ndi wilibala yanga sitiloledwa. Moto unayamba kuchepa mpaka unazima. Amake Tisa anakatenga mbaula kwa aneba, zimene zinandipweteka zedi. Ndinazindikira kuti chuma changa chomwe ndinkati n'chathuchathu chili ndi miyendo inayi, ndipo malire sichiwadziwa.

Ku Lundazi sitinawauze. Ndikumva kuti apongozi amandichemerera pamaliro ndi paukwati pomwe, akuti mkamwini wawo amaphikira njovu. Migolo ndaitsuka, sefa ndagula, ndikungodikira chimanga chikhwime. Dzulo anaimba foni kufunsa ngati moto ukuyakabe, ndipo ine ndinayankha mwaulemu kuti zonse zili bwino, kungoti katundu akadali mumsewu.