Tsamba la Parishi Litavala Chikasu

Mumandiona lero ndikugogoda kompyuta ngati ndinabadwa nayo, simudziwa kuti ndinatsala pang'ono kubutsa ndewu ya zipani mu ofesi ya parishi, ine mayi wa kwaya wosapondako n'komwe ku msonkhano wa ndale.

Nthawi imeneyo ndinali taipisiti pa parishi yathu cha ku Bembeke, manja akuda bii ndi inki ya sitensulo. Akhristu anzathu a ku Ulaya atatitumizira kompyuta, anapempha tsamba la pa intaneti lofotokoza za parishi, loti tikalisiye ku Lilongwe pa disiketi, poti kwathu lamya inkagwira ikafuna yokha. Akomiti anati kiyi wa chipinda cha kompyuta apatsidwe mphunzitsi wachimuna, mkazi angaiwononge. Ndinapsa mtima, anzanga! Sisitere Agnesi, amene ankazidziwako zimenezi, anandipemphera mwayi umodzi: ndipange tsambalo, akomiti akakhutira kiyi ndi wanga, akapanda kukhutira ndibwerere ku sitensulo.

Sisitere anandiphunzitsa matagi, timawu tolamula tomwe umatiika m'timipanda tosongoka, kena kokuza dzina, kena koyambitsa ndime. Lamulo lawo linali limodzi, ukatsegula utseke, monga khola la mbuzi. Ndinazigwira msanga, moti dzina la Bambo Mfumu ndinalikuza pamwamba, a komiti m'munsi mwake m'zilembo zocheperako, alonda ndi ophika kumapeto, aliyense pa ulemu wake. Tsiku lomwe anandionetsa kuti ukalemba liwu limodzi lokha tsamba lonse limasintha mtundu, ndiye ndinadzimva kuti palibenso wina. Kunja kunali nkhungu yathu ija yosaona mnzako, ndinati Azunguwo aziganiza kuti ku Dedza kumawala dzuwa. Ndinasankha chikasu. Chisankho chitayandikira chonchija, ku Dedza, chikasu! Nzeru zinapita kuti?

Lamulungu itatha Misa akomiti anadzazana m'kachipindako, ine nditavala bulauzi yosita, n'kudina monyada. Tsamba lija n'kungoti phaa, chikasu chokhachokha ngati nsalu ya chipani cholamula. A Kadzakumanja, apampando a komiti, munthu woti tambala anali m'magazi, anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mayi, kodi parishi yathu mwaigulitsa liti?"

Ndinagwada kupepesa, n'kuthamangira ku matagi kuja, ndinafufuta chikasu n'kulemba zobiriwira. Kubwerera pa tsamba, chikasu chili nji! Ndinali nditaiwala kuseva, kuuza kompyuta kuti isunge zomwe ndasintha, koma kwa iwo zinaoneka ngati mwano, mpaka anatola chipewa. Nditaseva, tsamba linabiriwira, iwo n'kukhala pansi akumwetulira, koma a Nasibeko, mlembi wa komiti amene ankavinira boma, anaimirira kufunsa ngati tabwereranso ku chipani chimodzi. Ndinaika buluu, wina kumbuyo anati amenewo ndi a kumpoto aja. Ndinaika mtundu wa Lenti, wofiirira uja amavalanso ansembe pa Misa ya maliro, Bambo Mfumu anafunsa kuti wamwalira ndani. Thukuta linali kamukamu kuzizira konse kuja, ndipo chala chinaphonya n'kufufuta tagi yotsekera dzina la Bambo Mfumu. Mbuzi zinatuluka m'khola! Maina onse anafufuma, la mlonda kulingana ndi la wansembe, la wophika kulingana ndi la a Kadzakumanja.

Ndinaona mphunzitsi uja akusendera ku mpando wanga akukwinya malaya, ati andithandize. Apo ndiye mantha anathera, panatsala ukali wokha. Kiyi wanga? Ndinamuuza mwaulemu kuti aphunzitsi, dikirani kaye. Ndinatsata mzere ndi mzere ndi chala mpaka ndinapeza pomwe khola linali pululu, ndinatseka, maina onse n'kubwerera m'malo mwake anthu akuona ndi maso. Ndiye mtundu? Pakhomo panali thumba la mbatatesi za chopereka cha tsikulo, ndinaliyang'ana kamodzi, n'kulemba mtundu wotuwa wa khungu lake, ndinaseva, n'kutembenuka manja m'chiuno.

"Tsono mundiuze, uwu ndi wa chipani chanji?"

A Kadzakumanja anavalanso magalasi, anayang'ana tsamba, anayang'ana thumba, anayang'ana a Nasibeko, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Mbatatesi ndiye tonse kuno timaivotera. Mupatseni kiyi mayiyu."

A Nasibeko, amene sankagwirizana nawo ngakhale pa nyimbo ya chopereka, analuluta. Ndinatuluka kiyi ali pa chingwe m'khosi, ndikuyenda ngati mkwatibwi, ndipo sitensulo ija anaipatsa mphunzitsi yemweyo.

Azungu anayankha kuti tsamba lathu n'labwino zedi, kungoti mtundu wake ndi wachisoni pang'ono, bwanji tiyese chikasu. Ndinati ayese okha kwawo komweko. Ine chikasu ndinalapa, ngakhale dzira ndimadya nditatseka chitseko.