Manyowa Amadzi a Mkamwini

Lolemba

Manyowa apsa! Milungu yonseyi ndakhala ndikutakasa m'diramu: ndowe za mbuzi, zitosi, masamba a deliya, phulusa. Lero ndikusefa. Agalu asamuka pakhomo. Asamuke.

Nkhani ndi dimba. Ndi la apongozi, angondibwereka. Mawu awo amabwera kudzera mwa mayi a kunyumba, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi: "Tomato akakanika, dimbalo lipita kwa Fanuwelo." Fanuwelo ndi mlamu wanga. Wagula kale kabotolo ka manyowa kumsika wa ku Jenala. Lebulo yonyezimira, tomato wojambulidwapo ngati mutu wa mwana, koma zimene zili m'katimo sanalembe. Ndanunkhiza: zii. Manyowa osanunkha? Akanamize ena.

Lachiwiri

Anga akhala ndi malebulo achilungamo. Mabotolo ali mitundu iwiri:
WAUKALI: kapu imodzi m'kheni yodzaza madzi.
WOSUNGUNULA KALE: thirani momwemo.
M'munsi mwake ndikulemba zonse zimene zilimo, ndowe zomwe. Sindibisa kanthu ine.

Guluu ndilibe. Ndaphika phala la ufa wa makaka, ndamata. Zagwira nganganga! Ndayanika pakhonde. Mayi akuti, "Bambo, pakhondepo timadyerapo." Za sayansi sazidziwa.

Lachitatu

Mbuzi!!! Ya apongozi, yamawanga ija. Yanyambita phala, yadya ndi mapepala omwe. Mabotolo onse ali mbulanda, ofanana ngati mapasa. Kuimenya sindingathe, ndi ya apongozi. Komanso ndowe zili m'mabotolomo ndi zake. Ikungondiyang'ana, ikubzikula.

Mayi akuti, "Bwanji osangosungunula onsewo, zithe?" Kusungunula kawiri? Ndiye ndisiyana pati ndi Fanuwelo ndi madzi ake aja? Ayi. Mphuno ndili nayo.

Lachinayi

Kuyesa ndi mphuno.
Botolo loyamba: laukali. Misozi mbwe.
Botolo lachiwiri: laukali zedi. Ndakhala kaye pansi.
Botolo lachitatu: silikununkha.
Otsala onse: sakununkha.

Ndiye kuti osungunula ndi amenewo, n'zachidziwikire. Ndathira tomato yense, patsinde penipeni, dzuwa lili pamutu.

Fanuwelo wadutsa panjinga atagwira mphuno: "Alamu, mwafukula chiyani kudimbako?" Nsanje basi.

Chodabwitsa: madzulo mayi akuotcha mlamba, ine osamva fungo ngakhale pang'ono. Mwina ndi chimfine.

Lachisanu

Masamba afota. Sindikudandaula, mbewu ikuzolowera chakudya chenicheni. Ndawonjezera, ipeze mphamvu.

Mayi anena kuti zovala zanga zigona panja. Zigone. Kenako akuti ndi ine ndemwe.

Loweruka

Wapsa. Tomato yense wapsa, masamba ngati fodya wa pachigafa. Wapulumuka mmodzi yekha, wa kumapeto, amene botolo linatha ndisanamufike. Ali biriwiri, wadzaza maluwa. Sindikufuna kukambapo.

Ndikuona apongozi akutsika kuchokera kuphiri la Michesi, nkhuni pamutu, molunjika kudimba. Ndapatukira m'munda wa nandolo, mwaulemu wake. Ndanjuta momwemo. Ndikuwamva: "Mayo ine! Mwanayu wathira manyowa kapena moto?"

Mtima ukuwawa, ndisaname. Dimbali ndimalikonda. Ndinalitipula ndekha, madzi ndikutunga ndekha. Koma manyowa anga alibe mlandu. Mlandu ndi wa mbuzi.

Lamulungu

Mphuno yabwerera tili m'tchalitchi. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake benchi yonse ndinali ndekha.

Dimba lapita. Fanuwelo alowamo mawa, ndi kabotolo kake konyezimira. Tomato wanga mmodzi uja adya ndi iyeyo, ndipo adzati ndi mphamvu ya kabotolo. Chabwino.

Koma mayi abweranso ndi mawu ena. Apongozi aona kuti m'njira monse mmene ndinkadonthezera, udzu wafa. Akupempha mabotolo awiri aukali aja, akathire pabwalo, atopa ndi kupalira.

Ndiwapatsa. Koma opanda lebulo sachoka pano. Ndabwereka penti, ndalemba pabotolo penipeni: WOPHA UDZU.

Mbuzi yabwera, yanunkhiza, yabwerera. M'Phalombe monse muno, lebulo yonena zoona ndi yanga yokha.